Carb Day: Dzina Linatsala ku Speedway, Ntchito Ili Kwathu



Mwezi wa Meyi ukafika, ife a ku South Bend timaona magalimoto ali ndawala pa msewu wa US 31 kulowera ku Indianapolis. Anzathu okhala ku Indianapolis komweko ndiye sachita kuuzidwa, mbendera zija za timabokosi takuda ndi toyera zimangoti petupetu pakhomo ndi pakhomo. Ambiri a ife timangodziwa kuti yafika nyengo ya Indy 500, timadandaula kuti tichedwa ku shifiti chifukwa cha kuthithikana kwa magalimoto, basi nkhani yathera pomwepo. Inenso ndinakhala choncho zaka zambiri.

Chinandidzutsa ndi funso la mwana wanga. Mu 2019 tinapita ku Speedway pa tsiku limene amalitcha Carb Day, Lachisanu lomwe oyendetsa magalimoto 33 amayeserera komaliza mpikisano usanachitike Lamulungu. Tili pa mzere wolowera, mnyamata wanga, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka 11, anandikoka dzanja n'kundifunsa kuti, "Mami, ndiye kuti lero anthu adya buledi ndi mbatata zambiri eti?" Mwanayo amandimva tsiku ndi tsiku ndikukamba za ma carb, zakudya zokhutitsa zija timawerengera odwala shuga, ndiye anangolumikiza. Ndinaseka mpaka misozi. Koma kuseka kutatha, manyazi anandigwira. Carb ameneyu ndi kabuleta. Agogo ake a mwanayu, bambo anga, ankamasula kabuleta usiku ndi tochi yokha, koma mdzukulu wawo sankadziwa n'komwe kuti ndi chiyani.

Ndiye ndinayamba kufufuza, ndipo zimene ndinapeza ndi zomwe ndikufuna tigawane. Kachitsulo aka kali ndi mbiri yaitali muno mu Indiana. Kuno kanapuma pa ntchito, kanangotsala dzina. Kwathu kakadali pa ntchito, ndipo nthawi zina moyo wa munthu umadalira iko.

Kodi kabuleta ndi chiyani?

Injini sigwira ntchito ndi petulo yekha. Imafuna mpweya wambiri ndi petulo pang'ono chabe: tikayeza pa sikelo, magawo pafupifupi 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Kabuleta ndiye mphika wosakanizira ziwirizi. Ikachulutsa petulo, njinga imafuka utsi wakuda, imamwa ngati chidakwa, pulagi imada ndi mwaye. Ikachepetsa, injini imatentha, imatsokomola, ndipo ukaikakamiza pisitoni imatha kubooka.

Mmene imagwirira ntchito mulibe matsenga. Amene munafikako ku Mpatamanga mukudziwa mmene Shire amathamangira akafika popanikizika pakati pa miyala. Mpweya nawo umatero. M'kati mwa kabuleta muli kakhosi kopapatiza. Mpweya ukamadutsa pamenepo umathamanga, ndipo kuthamangako kumayamwa petulo kuchokera m'kambale kam'munsi, kudzera m'timabowo ting'onoting'ono totchedwa majeti. M'kambalemo muli fuloti, kanthu koyandama kamene kamatseka njira petulo akadzaza, chimodzimodzi thanki ya chimbudzi chamadzi.

Anzanga a m'zipatala, mukuidziwa masiki ya Venturi imene timaveka odwala mapapo kuti okosijeni asakanikirane ndi mpweya wamba pa mlingo woyenera. Nzeru yake ndi yomweyi, ndipo dzinalo ndi la katswiri wa ku Italy, Giovanni Battista Venturi, amene anafotokoza zimenezi mu 1797. Tsiku limene ndinazindikira izi ndinati, kani ndakhala ndikutchuna makabuleta ku wodi zaka zonsezi osadziwa!

Mlimi ndi wamalonda

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 magalimoto ndi njinga zamoto zinali zamakani ngati bulu, ndipo limodzi mwa mavuto aakulu linali lomweli losakaniza mpweya ndi mafuta. George Schebler, munthu wokulira kumunda kufupi ndi Batesville, kummwera chakummawa kwa Indiana, anapanga kabuleta yokhala ndi kachitseko kodzitsegukira kokha injini ikafuna mpweya wambiri. Mu 1902 boma linamupatsa chikalata chotsimikiza kuti lusolo ndi lake. Koma paja mutu umodzi susenza denga. Schebler anali ndi manja, analibe ndalama ndi pakamwa pa malonda. Zimenezo anabwera nazo ndi Frank Wheeler, ndipo awiriwa anatsegula kampani ya Wheeler-Schebler ku Indianapolis. Fakitale yawo ya ku Fountain Square ikadalipo, kungoti anaisandutsa nyumba zokhalamo anthu. Makabuleta a Schebler anafalikira America yense: m'magalimoto, m'maboti, m'mainjini a kumunda, komanso pa njinga zamoto za Harley-Davidson, Excelsior, kenako Indian.

Ndalama za makabuleta amenewa ndi zina mwa zimene zinamanga bwalo la Speedway. Wheeler anali mmodzi mwa anthu anayi, pamodzi ndi Carl Fisher, James Allison ndi Arthur Newby, amene kumapeto kwa 1908 anagula munda wa maekala 328 kumadzulo kwa mzinda. Cholinga sichinali masewera okha ayi. Ankafuna malo oyeserapo magalimoto ndi zipangizo zake, chifukwa misewu ya nthawi imeneyo inali ya fumbi ndi matope, yosasiyana ndi ya kumudzi kwathu m'dzinja. Tauni ya Speedway inabwera pambuyo. Anaijambula mu 1912 kuti mukhale mafakitale ndi antchito ake. Wheeler anaperekanso chikho cha siliva chotalika kuposa munthu, chosulidwa ndi a Tiffany a ku New York, ndipo chikusungidwa ku nyumba ya zinthu zakale ya pabwalopo.

Mapeto a Wheeler amandikhudza ngati namwino. Ankadwala shuga, nthawi imene matendawa analibe mankhwala enieni. Mu Meyi 1921, atatopa ndi kudwala, anadzipha kunyumba kwake. M'chilimwe cha chaka chomwecho, Banting ndi Best anali ku Toronto kuyesa insulini pa agalu. Mu Januwale 1922 munthu woyamba anabayidwa, ndipo pofika 1923 kampani ya Eli Lilly, ya mu Indianapolis momwemo, inali itayamba kupanga insulini wochuluka. Akanadikira zaka ziwiri zokha! Nyumba yake ili pa Cold Spring Road, m'kati mwa Marian University. Ndiye mukuona, mwana wanga uja sanaphonye kwenikweni: ma carb onse awiri anakumana mwa munthu mmodzi.

Zinayamba ndi njinga zamoto

Ambiri sadziwa kuti mpikisano woyamba wa mainjini pa bwaloli sunali wa magalimoto. Mu Juni 1909 panali mpikisano wa zibaluni, msewu usanathe. Kenako pa 14 Ogasiti 1909 kunabwera njinga zamoto, pansi pa bungwe la Federation of American Motorcyclists. Msewu wozungulirawo, wa makilomita 4, unali wa miyala yoswa yothiridwa phula, ndipo unali usanakhazikike. Miyala yakuthwa inkang'amba matayala. Okwera ambiri atangouona anakana. Jake DeRosier, katswiri wa kampani ya Indian, tayala linamuphulikira ali pa liwiro, anagwa n'kuvulala kwambiri. Mipikisano yotsala inaimitsidwa.

Koma tsiku limenelo mnyamata wa mu Indianapolis, Erwin Baker, anapambana mpikisano wa mamailosi 10 wa anthu osalipidwa, atakwera njinga ya Indian. Mu 1914 Baker yemweyu anadutsa America yense pa njinga yamoto, kuchokera ku San Diego kukafika ku New York, m'masiku 11 ndi theka, ndipo anamupatsa dzina loti Cannon Ball. Taganizirani: chipululu, mapiri, matope, popanda garaja m'njira. Munthu wotere ankayenera kuidziwa kabuleta yake monga mayi adziwira kulira kwa mwana wake. Manda ake ali ku Crown Hill.

Patangopita masiku asanu kuchokera pa mpikisano wa njinga uja, magalimoto anayesa mwayi wawo pa msewu womwewo. M'masiku atatu anthu asanu anafa: dalaivala mmodzi, amakaniko awiri ndi oonerera awiri. Mpikisano wa mamailosi 300 wolimbirana chikho cha Wheeler-Schebler unaimitsidwa pa 235. Apa eni bwalo anaona kuti ndi bwino kuwononga ndalama kusiyana ndi kukwirira anthu, ndipo chaka chisanathe anayala njerwa 3.2 miliyoni. N'chifukwa chake mpaka lero bwaloli amalitcha Brickyard. Indy 500 yoyamba inachitika pa 30 Meyi 1911, ndipo anapambana ndi Ray Harroun pa galimoto ya Marmon, yopangidwa mu Indianapolis. Mpikisano waukulu wa njinga zamoto sunabwererenso mpaka 2008, patatha zaka 99, pamene Valentino Rossi anapambana MotoGP mu mvula ndi chimphepo. MotoGP inakhala ku Speedway mpaka 2015.

Chaka cha 1963

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 Wheeler-Schebler inalowa m'manja mwa Borg-Warner, kampani imene chikho chake, chija chili ndi nkhope za opambana, chakhala chikuperekedwa ku Indy 500 kuyambira 1936. Koma Indiana sanasiye makabuleta. Ku Indianapolis kunadzuka kampani ya Langsenkamp-Linkert, ndipo kuyambira m'ma 1930 mpaka pakati pa zaka za m'ma 1960 njinga za Harley-Davidson zinkapuma kudzera mu kabuleta ya Linkert, kuphatikizapo za asilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Linkert inali ya mkuwa, yolemera, yokhala ndi singano ziwiri zopotokola ndi zala, ina ya liwiro lochepa, ina ya liwiro lalikulu. Wokwera ankatha kutsitsa dzanja n'kuitchuna njinga ikuyenda. Kuno ku South Bend nako, amene mumadutsa pa Bendix Drive dziwani kuti kampani ya Bendix inagula Stromberg mu 1929, ndipo makabuleta a ndege zambiri za nkhondo ija anachokera mu mzinda uno.

Nanga dzina la Carb Day? Poyamba ankati Carburetion Day. Mpweya susiya kusintha: kukatentha umapepuka, kukazizira umalemera, kukachita chinyezi umasinthanso. Ndiye amakaniko ankapatsidwa tsiku lomaliza loti amvetsere injini ndi kusintha majeti molingana ndi nyengo ya sabata imeneyo. Kale linkakhala Lachinayi, mu 2005 analisunthira Lachisanu.

Koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kunabwera njira ina, yopopera mafuta mwachindunji, imene amati fuel injection. Ife anamwino tingati injini inasiya kumwa mankhwala, inayamba kulandira jakisoni. Mu 1953 Bill Vukovich anapambana ndi galimoto yotchedwa Fuel Injection Special, ndipo pasanapite nthawi aliyense anatsatira. Makabuleta anaonekera komaliza mu Indy 500 mu 1963, pa magalimoto a Lotus a injini ya Ford, pamene Jim Clark anakhala wachiwiri kwa Parnelli Jones.

Chaka chimenecho chimandichititsa chidwi. Mu Disembala 1963 fakitale ya Studebaker inatseka kuno ku South Bend, anthu zikwizikwi ntchito n'kuwathera Khirisimasi ili pafupi. Kwathu, mu Febuluwale chaka chomwecho Dr Banda anakhala nduna yaikulu, ndipo pa 31 Disembala chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatha. Kuno zinthu zina zinkatsekedwa, kwathu zinkatsegulidwa. Boma latsopano linafuna alangizi ofika kumidzi kumene galimoto sifika, ndipo mlangizi wofika kumudzi amafuna mthuthuthu. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 magalimoto atsopano a ku America anali atasiyiratu kabuleta. Pa njinga zamoto za kwathu, ndiye inali ikadali pa ntchito.

Usiku wina ku Dedza

Bambo anga anali mlangizi wa zaumoyo pa chipatala china chaching'ono m'mapiri a ku Dedza. Anali ndi Yamaha AG100 ya boma, imene inkanyamula katemera, mabuku a sikelo ya ana, nthawi zina ndi thumba la chimanga. Mudzi wonse unkadziwa kulira kwake.

Usiku wina mu 1991, nthawi ya mvula, azamba anagogoda pakhomo pathu. Mayi wina anali atabereka bwinobwino koma magazi sankasiya. Foni kunalibe, wailesi ya mauthenga batire yake inali itatha. Panafunika munthu wokaitana ambulansi ku boma. Bambo anatulutsa njinga, anaiponda, inalira, n'kuzima. Anaipondanso, inalira, atangokoka mafuta inazimanso. Masana ake anali atathira petulo wogula m'chigubu, ndipo m'chigubumo munali madzi ndi zinyalala.

"Naphiri, dzuka! Gwira tochi, usagwedeze."

Ndinali mwana, ndikunjenjemera ndi kuzizira kwa ku Dedza. Ndinaona manja awo akumasula kambale kaja, akutaya petulo wosakanikirana ndi madzi pansi, akutulutsa jeti, akuiuzira ndi pakamwa, akuiyang'ana pa kuwala kwa tochi kuti aone ngati kabowo katseguka. Sanatukwane, sanathamange. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Patatha mphindi ngati 20 njinga inalira bwinobwino, ndipo kuwala kwake kunazimirira kuseri kwa phiri. Ambulansi inafika kusanache. Mayi uja anachira, koma anachita kuthiridwa magazi.

Nditaphunzira unamwino kuno ndi pamene ndinamvetsa zimene zinali pa sikelo usiku umenewo. Kutaya magazi pambuyo pobereka kumatha kupha mayi m'maola awiri okha. Mphindi 20 zija sizinali zochepa. Bambo ankadziwa, chifukwa kuyambira tsiku limenelo petulo aliyense ankamusefa pa nsalu yoyera asanalowe mu thanki, ndipo Loweruka lililonse ankatsuka kambale ka kabuleta, kaya njinga ikudwala kaya ayi.

Nkhani imeneyi si ya banja lathu lokha. Ku Mangochi anayesa ma ambulansi a njinga zamoto, okhala ndi kabedi pambali, m'zipatala zitatu zakutali, ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 2008 anapeza kuti nthawi yofikitsira mayi ku chipatala chachikulu inachepa ndi maola 2 mpaka 4 ndi theka. Bungwe la Riders for Health, limene linayambitsidwa ndi Andrea ndi Barry Coleman pamodzi ndi katswiri wa mipikisano Randy Mamola, m'zaka za m'ma 2010 linayamba kunyamula magazi okayeza kuchokera m'zipatala za kumidzi ya ku Malawi pa njinga zamoto. Chiphunzitso chawo chachikulu ndi chomwe chija cha bambo anga: samala njinga isanafe. Ndipo lero pitani pa depoti iliyonse, ku Lilongwe, ku Limbe, ku Mzuzu, njinga za kabaza zili mbwee, ndipo zambiri mwa izo zimayendera kabuleta.

M'garaja ku South Bend

Mu 2020, chaka chija cha mliri, mutu unkandilemera ndikaweruka ku ntchito. Ndinkafuna chinthu chimene ndingachikonze ndi manja n'kuchira ndikuona. Gogo wina wachizungu wa ku Mishawaka ankagulitsa katundu wa malemu amuna ake pakhomo, ndipo pakona panali Honda CB125S ya 1974, yofiira, yowala ngati yatsopano. Inali itakhala zaka zoposa khumi osalira. Ndinaigula. Titatsegula kabuleta tinapeza chikomekome cha mkuyu: m'kati munali phala lobiriwira lonunkha ngati vanishi yakale.

Amene anatithandiza ndi achimwene ena amene kale anali amakaniko ku Biwi ku Lilongwe, pano amagwira ntchito m'fakitale ku Elkhart. Anafika Loweruka, anayang'ana, n'kunena kuti, "Anesi, apa palibe chakufa. Yangotsekeka mphuno basi. Koma ine sindigwira, agwire ndi mphwangayu, ine ndizingoloza." Zimene anatiphunzitsa ndizilemba apa, mwina zingathandize wina.

Choyamba, tsegulani chitseko cha garaja, pasakhale moto kapena fodya pafupi, ndipo tsekani kampopi ka petulo ka pansi pa thanki. Jambulani ndi foni chilichonse musanachimasule, chifukwa pobwezera ndi pamene anthu amalira. Masikuluwu a njinga zakale za ku Japan amaoneka ngati a nyenyezi wamba, koma mano ake ndi osiyana pang'ono. Mukagwiritsa sikuludiraiva yolakwika mutu umalala, ndiye mwadziputira ntchito ina.

Mukachotsa kambale, tulutsani fuloti ndi kasingano kake. Fuloti ya mkuwa igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva madzimadzi m'kati ndiye kuti yabooka, sidzayandamanso, ndipo petulo azingosefukira. Kenako masulani majeti awiri. Yaikulu imadyetsa injini pa liwiro. Yaing'ono imaidyetsa ikamalira ili chiimire, ndipo kabowo kake sikasiyana kwenikweni ndi kunenepa kwa singano yobayira insulini. Njinga imene imalira pokhapokha choko ili yotseka, mukatsegula n'kuzima, kawirikawiri vuto ndi jeti yaing'onoyi. Chotsani za labala zonse musanathire mankhwala otsukira, chifukwa zimafufuma. Majeti ndi a mkuwa wofewa, musawatokose ndi singano yosokera kapena waya wachitsulo. Mukakulitsa kabowo mwawononga mlingo mpaka kalekale. Anyikeni m'mankhwala, auzireni mpweya, ndipo ngati akukanabe gwiritsani kaulusi kamodzi ka waya wa kopa. Yang'anani pa kuwala: kabowo kazioneka kozungulira bwino. Msinkhu wa fuloti yezani ndi rula molingana ndi buku la njingayo, osati mongoganizira. Ndipo musaiwale komwe kwachokera matenda. Ngati mu thanki muli dzimbiri, kapena sefa ya mpweya yang'ambika, mawa mudzatsukanso.

Kutchuna ndiye kumafuna khutu. Achimwene aja anatiuza kuti tisakhudze kabuleta tisanaone pulagi, mavavu ndi moto wa injini, chifukwa kabuleta imanamiziridwa milandu yambiri ya anzake. Zimenezo zikakhala bwino, lizani njinga itenthe mphindi khumi. Kasikuluwu kosakanizira kalowetseni pang'onopang'ono mpaka kagunde, osakakamiza, kenako kabwezeni kamodzi ndi theka. Kuchokera apo potokolani kota imodzi, dikirani, mvetserani. Pamene injini ikulira mokweza ndi mosadukiza, pamenepo ndi pake. Mukatero tsitsani kaliridwe ndi sikuluwu inayo. Mukayenda ulendo tulutsani pulagi muione: yakuda ndiye kuti petulo wachuluka, yoyera mbuu wachepa, ya mtundu wa tiyi wamkaka ndiye zili bwino.

Pali zinthu ziwiri zimene zimatilumikizanso ndi kwathu. Choyamba ndi kukwera kwa malo. South Bend ndi Indianapolis zili pa mamita ongopitirira 200 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndiye njinga yotchunidwa ku chigwa ikakwera phiri imamwa kwambiri, ndipo yotchunidwa kuphiri ikatsika imatentha. Bambo akatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti ankati njinga yasintha mawu. Carb Day yonse ija nkhani yake inali yomweyi.

Chachiwiri ndi mafuta. Petulo wambiri wa kuno amasakaniza ndi ethanol wa chimanga, gawo limodzi pa magawo khumi. Kwathu tinayamba kale, mu 1982, ndi ethanol wa zotsalira za nzimbe wa ku Dwangwa, kenako wa ku Chikwawa mu 2004. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo petulo akakhalitsa m'kambale amauma n'kusiya zomata. Njinga ya kabaza imayenda tsiku ndi tsiku, mdani wake ndi fumbi ndi petulo wa m'zigubu. Ya kuno mdani wake ndi kugona miyezi isanu ya chipale. Ndiye Novembala akafika, tsekani kampopi, khuthulani kambale kaja mpaka kaume.

Tisasiye dzina lokha

Ku Speedway anthu zikwizikwi amasonkhana chaka ndi chaka pa tsiku la kabuleta, kuli oimba, kuli mowa, koma pa magalimoto 33 aja palibe ngakhale imodzi yokhala ndi kabuleta kuyambira 1964. Dzina analisunga, ndipo anachita bwino. Funso langa ndi la ife. Ana athu ali ndi mayina achichewa, amavala nsalu pa 6 Julayi, amadya nsima pa zikondwerero. Koma kodi akudziwa zimene manja a agogo awo ankadziwa? Chikhalidwe si magule ndi ndiwo zokha. Luso la mlangizi, la makaniko wa pansi pa mtengo, la wowotcherera ndowa, nalonso ndi chuma chathu, ndipo silinalembedwe paliponse. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo tikapanda kupitako lidzauma tikuona.

Ambiri a ife tinagulirako achibale njinga ya kabaza kuti azidzithandiza. Tikamatumiza ndalamazo tiwonjezereko ya chipewa choteteza mutu, ya kasefa ka petulo, ndi ya makaniko woti aziiona isanafe. Tsiku lina njinga imeneyo idzanyamula mayi wodwala usiku. Ndipo amene muli kuno, tengani ana mukaone chikho cha Wheeler-Schebler, mudutse ku Fountain Square, muwauze kuti kachitsulo kamene kanathandiza kumanga bwalo lija ndi komwe kakuyendetsa amalume awo ku Ntcheu.

Honda ija inalira Loweruka lachitatu. Anaiponda ndi mwana wanga. Tinaimbira bambo pa WhatsApp, iwo ali pakhonde ku Dedza, maso anayamba kuwavuta koma makutu ali bwinobwino. Ndinaika foni pafupi ndi injini. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Naphiri, ikumwa kwambiri imeneyo. Muuze mdzukulu wangayo aipatse mpweya pang'ono, kota imodzi yokha."

Mnyamatayo anapotokola kota imodzi. Titatulutsa pulagi madzulo ake, inali ya mtundu wa tiyi wamkaka.

 Amene muli ndi nkhani za njinga za makolo anu, zilembeni, tiziwerenge tonse.